Kusankha Mutu wa Kabuku ka Anthu Ofera ku Nkhondo

Anthu a m'dera lina akapangana kulemba kabuku kokumbukira abale awo amene anafera ku nkhondo ya 1914 mpaka 1918, ntchito imene aiyesa yovuta ndiyo yofunafuna maina. Ndi yovutadi. Koma ilipo ntchito inanso imene ambiri aichepetsa, ndiyo yosankha mawu olembedwa pachikuto, amene tiwatcha mutu wa buku. Mawuwo ndi owerengeka, atatu kapena asanu okha, koma ndiwo aweruza amene alowe m'kabukumo ndi amene atsale panja. Chifukwa chake tiyenera kuyamba takumbukira mmene nkhondoyo inayendera m'dziko lino, limene masiku amenewo linali kutchedwa Nyasaland.

Nkhondoyo inabuka ku Ulaya, koma sinachedwe kufika kuno, popeza dziko la kumpoto kwathu, limene lero ndi Tanzania, linali m'manja mwa Ajeremani. Mu August 1914 sitima ya Angerezi yotchedwa Guendolen inawoloka nyanja nikawononga sitima ya Ajeremani padooko la Sphinxhaven, pamene lero pali Liuli. Pa 9 September chaka chomwecho Ajeremani anathira nkhondo pa Karonga, ndipo anabwezedwa. Kuyambira 1916 gulu la nkhondo la General Northey linalowa m'dziko la Ajeremani kudzera kumpoto kwa nyanja, nilithamangitsana ndi adaniwo m'mapiri ndi m'madambo kwa zaka ziwiri ndi theka. Mkulu wa nkhondo wa Ajeremani, von Lettow-Vorbeck, anatula zida pa 25 November 1918 ku Abercorn, kumene lero ndi Mbala m'dziko la Zambia, patapita masabata awiri nkhondo itatha kale ku Ulaya.

Tsono mutu woyamba umene ubwera m'maganizo ndi wonga uwu: "Asilikali Athu". Ukoma m'khutu, ndipo asilikaliwo analipodi. Olemba mbiri awerengera kuti amuna a dziko lino pafupifupi 19,000 anavala yunifolomu ya King's African Rifles. Koma olemba omwewo awerengeranso kuti amuna pafupifupi 200,000 anapita ku nkhondoyo opanda mfuti, atasenza katundu pamutu. Amenewa ndiwo amtengatenga. Taganizani, inu owerenga: pa msilikali mmodzi panali amtengatenga khumi, ndipo anthu onse a m'dzikoli nthawi imeneyo sanali kupitirira kwambiri miliyoni imodzi. Motero midzi yambiri sinatumize msilikali ngakhale mmodzi, koma inalira maliro.

Chifukwa chake amtengatenga anachuluka chotere nchosavuta kuchimvetsa. Katundu wa nkhondo anali kukwera ndi mtsinje wa Zambezi, napitirira pa njanji kufikira ku Blantyre, nadzera pa msewu kufikira ku Fort Johnston, kumene lero ndi Mangochi, nakwezedwa m'sitima za panyanja. Kutsidya kwa nyanja kunalibe njanji, misewu yabwino inali yosowa, ndipo akavalo ndi ng'ombe zinali kufa ndi matenda a kashembe. Chotsala chinali mutu wa munthu. Tiyeni tiwerengere pamodzi. Munthu akasenza ufa wolemera mapaundi 50, namadya mapaundi awiri tsiku lililonse, pakutha pa masiku 25 wadya katundu wake yense. Choncho ulendo ukatalika pafunika anthu ena osenzera chakudya cha osenza anzawo, ndipo iwonso ali ndi mimba. Ufa ukachepa, woyamba kuchepetsedwa phoso sanali msilikali ayi. Amtengatenga ambiri sanaphedwe ndi chipolopolo. Anafa ndi kamwazi, malungo, chibayo cha m'mapiri ozizira, ndi njala, ndipo anatsala m'mbali mwa njira. Kabuku kotchedwa "Asilikali Athu" kawasiyanso pomwepo.

Ena anganene kuti tilembe "Amene Anapereka Moyo Wawo". Mawu otere alembedwa pa zipilala zambiri za ku Ulaya, ndipo ndi aulemu. Koma tifunse bwino ngati ali oona kwa anthu athu. Alipo amene analembetsa usilikali mwa kufuna kwawo, ena chifukwa cha malipiro, ena chifukwa makolo awo anali ankhondo. Koma za amtengatenga, Boma linali kuuza mafumu chiwerengero cha amuna ofunika, ndipo mfumu yolephera inali kulangidwa. Amuna anali kugwidwa usiku m'nyumba zawo, ena nathawira kuphiri, ndipo anthu anali kuiyesa ntchito imeneyo thangata. Munthu wotengedwa chotere sanapereke moyo wake, anamlanda. Ngakhale pa nthawi yomweyo analipo woona zimenezi. Mu November 1914 Mbusa John Chilembwe wa ku Mbombwe analembera nyuzipepala ya Nyasaland Times kalata yodandaula kuti amphawi a dziko lino ali kuitanidwa kukafera mlandu umene suli wawo, nasiya akazi amasiye ndi ana amasiye. Boma linaletsa kalatayo kuti isafalikire. Ine ndiyesa kuti kabuku kolembedwa ndi zidzukulu sikayenera kubisa chimene munthu wa nthawi imeneyo anachinena poyera.

"Ngwazi Zathu" ndi mutu wina umene achinyamata aukonda. Sindiutsutsa kwambiri, koma mnyamata amene anafa ndi kamwazi pa sabata lachitatu la ulendo sasowa kumtcha ngwazi kuti akumbukike.

Nanga nkhondo yomweyo tiitche chiyani? M'mabuku a sukulu itchedwa Nkhondo Yoyamba ya Dziko Lonse, ndipo dzina limeneli ndi lothandiza pakuisiyanitsa ndi ya 1939 mpaka 1945, imene inatengera asilikali athu ku Ethiopia, ku Madagascar ndi ku Burma. Koma amene anamenya nkhondo ya 1914 sakanaitcha yoyamba, popeza yachiwiri inali isanabwere. Iwo anali ndi dzina lawolawo, ndilo Chiwaya, dzina la mfuti ija yolira mosalekeza monga chimanga chothetheka pamoto. Mphunzitsi wina wa mbiri, Melvin Page, amene anayenda m'midzi m'zaka za m'ma 1970 kukacheza ndi nkhalamba zotsala za nkhondoyo, anatenga dzina lomweli nalipatsa buku lake limene linatuluka mu 2000. Anachita bwino. Dzina lochokera m'kamwa mwa eni ake liuza wowerenga, asanatsegule kabuku, kuti nkhani ili m'katimo yaonedwa kuchokera kumudzi, osati kuchokera ku London.

Palinso chifukwa china chimene mutu uyenera kukhala wotakata, ndicho nkhani ya manda. Ku Karonga alipo manda a Azungu ofera ku nkhondo ya 1914, Angerezi ndi Ajeremani, ndipo maina awo awerengeka pamiyala. Ku Zomba chilipo chipilala chachitali cha njerwa chokumbukira asilikali a King's African Rifles. Koma mtengatenga kawirikawiri alibe manda odziwika ngakhale mwala. Mu 2021 bungwe losamala manda a nkhondo, la Commonwealth War Graves Commission, linavomera poyera kuti anthu osachepera 116,000, ndipo kapena ofika 350,000, ambiri a iwo a mu Africa, sanakumbukiridwe ndi maina awo monga anachitira ndi Azungu, ndipo linapepesa. Ife tidziwa kulemera kwa chinthu chimenechi. Pa mwambo wathu munthu akamwalira abale amuika, nameta, ndipo pambuyo pake aphika mowa womkumbukira. Amayi ambiri a 1918 analibe mtembo woti aike. Anangomva kwa mnzake wobwerako kuti mwana wanu tinamsiya pa mtsinje wakutiwakuti. Kwa anthu otere kabuku ndiko chiliza chawo chokha, ndipo mawu a pachikuto ali ngati mawu a pachilizapo.

Chifukwa cha zonsezi ine ndikadasankha mawu a amayi omwewo: "Amene Sanabwerere Kumudzi". Mutu umenewu sufunsa ngati munthu ananyamula mfuti kapena thumba la ufa. Sunena kuti anapita mokondwa, ndipo sunenanso kuti anapita atamangidwa. Zimenezo zikambidwa m'katimo, munthu ndi munthu, monga mmene banja lake likumbukira.

Mutuwu uli nazo zofooka zake, ndipo okonza kabuku azidziwe. Choyamba, si onse osabwerera amene anafa: ena anachona, nakwatira kumene nkhondo inawasiya. Chachiwiri nchachikulu. Kumapeto kwa 1918 mliri wa fuluwenza unalowa m'dziko lino, ndipo unafalikira msanga pamene magulu a amuna anali kubalalika kunka kwawo. Alipo amene anafikadi pakhomo, namwalira patapita masiku owerengeka, pamodzi ndi akazi ndi ana amene sanaione nkhondo. Kodi amenewa si ofera ku nkhondo? Anthu a dera lililonse aweruze okha pabwalo, koma akawavomera awapatse chigawo chawo ndi mutu wawo m'kati mwa kabuku.

Chofooka choyamba chija chichotsedwa ndi mzere wachiwiri, wa malembo aang'ono, pansi pa mutu. Mzerewo unene zinthu zitatu mosakometsera: dera, nkhondo ndi zaka, monga "Asilikali ndi amtengatenga a m'dera la mfumu yakutiyakuti amene anafa pa Nkhondo ya Chiwaya, 1914 mpaka 1918". M'katimo dzina lililonse lilembedwe pamodzi ndi mudzi ndi mfunda, chifukwa dzina limene kalaliki analemba m'kaundula wa Boma nthawi zina silinali limene munthuyo anali kuitanidwa nalo kwawo. Ndipo kumapeto kusiyidwe masamba awiri kapena atatu osalemba, okhala ndi mizere yokha, popeza kabuku kakayamba kuwerengedwa m'midzi adzapezeka agogo ena onena kuti amalume awo aiwalika.