Nyimbo ya Maliro ya ku Coventry

Usiku wa pa 14 November 1940 ndege za Ajeremani zinaponya mabomba pa mzinda wa Coventry ku England. Anthu oposa 500 anafa, ndipo calici cacikulu ca mzindawo cinapsa, kunatsala makoma ndi nsanja.

Pomanga calici catsopano anapempha Benjamin Britten kuti apeke nyimbo. Munthuyu anali atakana kugwira mfuti pa nkhondoyo, ndipo kutama opambana sikunali mumtima mwace. M'nyimbo yace, War Requiem, analumikiza mapemphero a maliro a Cilatini ndi ndakatulo za Wilfred Owen, msilikali amene anaphedwa mu 1918 kutatsala sabata imodzi kuti nkhondo yoyamba ithe. Owen anatsutsa bodza la akuluakulu ouza anyamata kuti kufera dziko ndi ulemu. Poŵaŵa koposa ndi pa nkhani ya Abrahamu: mngelo waletsa, nkhosa yamphongo iripo, koma nkhalambayo ipha mwana wacebe.

Britten anafuna oimba atatu otsogolera: Mngelezi, Mjeremani ndi Mrasha. Koma boma la Soviet Union, lomwelo lolalika mtendere, linakaniza Galina Vishnevskaya kupitako. Pa 30 May 1962 anaimba m'malo mwace ndi Heather Harper, ataphunzira mbali yace masiku khumi okha.