Masitampa a Msonkho ndi Odindiratu: Mboni za Mbiri

Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Munthu akatola sitampa yakale m'bokosi la agogo ake, msangamsanga amaganiza kuti inayendapo pa kalata. Komatu masitampa ambiri sanapondepo n'komwe khomo la positi ofesi, pakuti anali olipirira msonkho. Ena anayendadi pa makalata, koma anadindidwiratu asanamatidwe. Pofuna kusiyanitsa mitundu imeneyi, anthu osonkhanitsa masitampa amadalira mabuku a mndandanda otchedwa makatalogi.

Chidindo cha msonkho ndicho chinayamba kubadwa. Ku England, boma linakhazikitsa msonkho wa chidindo pa zikalata za malamulo m'chaka cha 1694, pamene sitampa yoyamba yomata pa kalata, yotchedwa Penny Black, inatuluka m'chaka cha 1840. M'chaka cha 1765, nyumba ya malamulo ya ku London inalamula kuti nzika za m'maiko ake a ku North America zizilipira msonkho wotere pa nyuzipepala ndi pa zikalata za kukhoti. Nzikazo zinakana kwamtuwagalu ponena kuti zinalibe oziimira m'nyumbayo. Lamulolo linathetsedwa m'chaka cha 1766, koma mkwiyo umene linabutsa unathandiza kuti maikowo alengeze ufulu wawo m'chaka cha 1776.

Ulamuliro wa Britain utafika kwathu kuno, masitampa anabwera nawo. Oyamba, a m'chaka cha 1891, anali a kampani ya British South Africa Company, ongowonjezedwa zilembo zakuti B.C.A. M'chaka cha 1898 masitampa a kobiri limodzi anatha. Akuluakulu a positi anatenga chidindo cha msonkho chimene chinkaikidwa pa macheke, nachizunguliza ndi mawu akuti Internal Postage, nayamba kuchigulitsa ngati sitampa ya makalata a m'dziko momwemuno. Dziko litatchedwa Nyasaland m'chaka cha 1907, panatuluka masitampa ogwira ntchito ziwiri, ya positi ndi ya msonkho, ena a mtengo wofika mapaundi 10. Kalata wamba sinkafuna ndalama zotere; masitampa odulawo ankamatidwa makamaka pa zikalata zolipirira msonkho.

Nanga tingadziwe bwanji ntchito imene sitampa inagwira? Yankho lili pa chidindo. Chidindo cha positi nthawi zambiri chimakhala chozungulira, cholembedwa tsiku ndi dzina la malo monga Zomba, Blantyre kapena Chiromo. Sitampa ya msonkho imaoneka ndi siginecha ya inki, chidindo cha banki kapena cha khoti, mwinanso timabowo. Makatalogi otchuka ndi awiri: ya Stanley Gibbons ya ku Britain, imene inayamba m'chaka cha 1865, ndi ya Scott ya ku America, ya m'chaka cha 1868. Ya Scott imaika chilembo R patsogolo pa nambala za masitampa a msonkho a dzikolo. Mitengo ya masitampa ogwiritsidwa kale ntchito m'katalogi ya Gibbons ndi ya amene anayenda pa positi. Okhala ndi chidindo cha msonkho amatsika mtengo kwambiri. N'chifukwa chake akathyali amafufuta inki ndi mankhwala, nadindapo chidindo chabodza cha positi kuti apusitse ogula.

Masitampa odindiratu ali ndi mbiri ina. Ku United States, makampani otumiza makalata zikwizikwi nthawi imodzi ankachedwetsa ntchito ya positi, popeza kalata iliyonse inkafunika kudindidwa payokha. Motero masitampa anayamba kugulitsidwa atadindidwa kale. Chizindikiro chawo ndi dzina la tauni ndi la chigawo zolembedwa pakati pa mizere iwiri, kawirikawiri popanda tsiku, ndipo chidindocho sichidumphira pa envulopu. M'chaka cha 1916 ofesi ya boma yosindikiza masitampa inayamba kuyesa kuwadindiratu yokha. Mitundu yake ndi yochuluka kotero kuti ili ndi makatalogi akeake.

Tsono wophunzira mbiri asapeputse kapepala kotereka. Sitampa ya kalata imatiuza amene ankalemberana, yodindiratu imaonetsa kukula kwa malonda, ndipo ya msonkho imaulula mmene boma linkapezera ndalama kwa anthu ake. Amene sadziwa kuwerenga chidindo adzagula chinyengo pa mtengo wa chinthu chenicheni, ndiponso adzaphonya umboni umene uli m'manja mwake.