Asilikali Osapuma a M'magazi Mwathu

Anzanga acinyamata, kodi munafinyapo cithupsa? Mafinya aja ndi mitembo ya asilikali a m'magazi ochedwa ma neutrophil, amene amathamangira pabala kukameza tizilombo ndi kufera pomwepo.

Mbiri yao inayamba ndi minga. Mu 1882, ku Messina m'dziko la Italy, Elie Metchnikoff anabaya minga ya duwa m'kanyama kakang'ono ka m'nyanja koonekera mkati. Kutaca anapeza timaselo titazinga mingayo. Mu 1908 analandira mphoto ya Nobel pamodzi ndi Paul Ehrlich, amene anapatsa neutrophil dzina lake. Anthu anaona asilikaliwa ngati abwenzi cabe.

Koma mu 1948, Malcolm Hargraves wa ku Mayo Clinic ku America anaona cinthu codabwitsa mwa odwala lupus: ma neutrophil anali atameza zotsala za maselo a munthu mwini wake. Lupus imagwira makamaka atsikana ndi amai, ndipo imaononga khungu, mfundo za mafupa ndi impso. Mu 2004 akatswiri a ku Berlin anapeza kuti neutrophil imaponya ukonde wa DNA yake kuti ikole tizilombo. Ukondewo ukapanda kucotsedwa, thupi lingayambe kulimbana ndi DNA yake yomwe.

Mwina mukuti izi n'zakutali. Iai, kuno kwathu nkhondo yosatha ili m'matumbo. Ca kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, Paul Kelly ndi anzake a ku sukulu ya udokotala ya UNZA anayamba kupima matumbo a akuluakulu a m'komboni ya Misisi. Ambiri, ngakhale amene anali kumva bwino, anali otupa mkati. Apa thupi silinasokonezeke ngati pa lupus. Tizilombo ta m'madzi ndi m'zakudya timangolowa tsiku ndi tsiku, ndipo asilikali sapuma. Matumbo otero amalephera kuyamwa bwino cakudya, motero mwana angadye nsima koma n'kupinimbira. Pofuna kudziwa kukula kwa kutupako, ofufuza amapima m'cimbudzi ca mwana mankhwala amene ma neutrophil amatulutsa.

Inu a ku Kanyama mukudziwa zitsime zosazama zokumbidwa pafupi ndi zimbudzi, ndi mmene madzi amasefukira m'dzinja. Kolera ya mu 2017 ndi 2018 tinaiona tonse, cifukwa inapha msanga. Kutupa kumeneku kulibe maliro oonekera, koma kumacokera m'zitsime zomwezo.