Remote desktop

Remote desktop ndi njira yogwiritsira ntchito kompyuta yomwe ili kwina, kudzera pa intaneti kapena pa netiweki ya pamalo amodzi, ngati kuti munthu wakhala patsogolo pake. Kompyuta yolowedwayo imatumiza chithunzi cha zomwe zili pa sikirini yake, ndipo kompyuta ya munthu wakutaliyo imabweza zomwe iye akulemba pa kiyibodi komanso momwe akuyendetsera mausi. Ntchito yeniyeni imachitikira mu kompyuta yolowedwayo. Nkhaniyi imavutirapo pamene pa kompyutayo pali kale munthu wina. Zomwe zimamuchitikira munthu ameneyu zimatengera pulogalamu yomwe wolowayo wagwiritsa ntchito: akhoza kugawana naye sikirini, akhoza kuchotsedwapo, kapena osadziwa n'komwe kuti wina walowa.

Mbiri

Kugwiritsa ntchito kompyuta imodzi anthu angapo nthawi imodzi si chinthu chatsopano. Mu 1961 sukulu ya MIT ku America idaonetsa CTSS, dongosolo lomwe kompyuta imodzi yaikulu inkagawira nthawi yake kwa anthu angapo, aliyense ali pa kiyibodi yake. Unix, yomwe idayamba kulembedwa ku Bell Labs mu 1969, idatsata maganizo omwewo. Makompyuta a pa desiki omwe adafala m'zaka za m'ma 1980 ndiwo adabwera ndi chizolowezi china, cha sikirini imodzi, kiyibodi imodzi ndi munthu mmodzi.

Kugawana sikirini imodzi

Njira yosavuta kumvetsa ndi yomwe anthu awiri onse amaona chinthu chimodzi. Chitsanzo chodziwika ndi VNC, yomwe idapangidwa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 ku Olivetti & Oracle Research Laboratory mumzinda wa Cambridge ku England. Kampani ya AT&T idatenga malo ofufuzirawa mu 1999 ndipo idawatseka mu 2002; ena mwa omwe adapanga VNC adayambitsa kampani ya RealVNC chaka chomwecho. VNC imagwiritsa ntchito dongosolo lotchedwa RFB, lomwe limatumiza zigawo za sikirini zomwe zasintha, ndipo kawirikawiri imadikira olowa pa port 5900.

Pa kompyuta ya Windows, wolowa kudzera pa VNC amaona sikirini yomwe mwini malo akuona. Mausi ndi amodzi. Wakutali akawakokera kumanzere pamene wapafupi akuwakokera kumanja, kamuvi kamangovinavina, ndipo zilembo za onse awiri zimagwera m'chikalata chimodzi. Choncho njirayi siyenera anthu awiri omwe aliyense ali ndi ntchito yake, koma ndi yabwino kwambiri pophunzitsa ndi pokonza zovuta, chifukwa wothandizidwayo amaona chilichonse chomwe chikuchitika. TeamViewer, ya ku Göppingen m'dziko la Germany yomwe idatuluka mu 2005, AnyDesk ya mu 2014, Chrome Remote Desktop ya Google ndi Quick Assist ya Microsoft zonse zimagwira ntchito mofananako.

Remote Desktop ya Windows

Microsoft ili ndi dongosolo lakelake lotchedwa RDP, lomwe lidatuluka mu 1998 ndi Windows NT 4.0 Terminal Server Edition ndipo limagwiritsa ntchito port 3389. Mu 2001 lidalowa mu Windows XP Professional. Kusiyana kwake ndi VNC n'kwakuti RDP imapatsa wolowayo desiki yakeyake m'malo mokopera sikirini ya mwini malo.

Apa ndi pomwe ambiri amadabwa. Windows ya pa makompyuta wamba, monga Windows 10 Pro ndi Windows 11 Pro, imalola munthu mmodzi yekha kugwira ntchito pa nthawi imodzi. Wina akalowa kuchokera kutali ndi akaunti yosiyana, amene ali pa kompyutayo amalandira uthenga womufunsa ngati akuvomera kuchotsedwapo, ndipo akapanda kuyankha m'masekondi 30 amachotsedwadi. Mapulogalamu ake satsekedwa, amangomudikira mpaka atabwereranso, koma pa nthawiyo sangachite kanthu. Ngati akaunti ndi imodzi yomweyo, sikirini ya pamalopo imangokiyika ndipo ntchito yonse imasamukira kwa wakutaliyo.

Malire amenewa sabwera chifukwa cha kuchepa mphamvu kwa makina. Ndi nkhani ya laisensi. Windows Server imalola anthu awiri kulowa nthawi imodzi pa ntchito zoyang'anira seva, ndipo ochuluka kuposa pamenepo amafunika Remote Desktop Services ndi laisensi ya munthu aliyense kapena chipangizo chilichonse. Windows Home yokha siyilandira n'komwe olowa kudzera pa RDP, ngakhale imatha kulowa m'makompyuta ena. Pali timapulogalamu tomwe timachotsa malirewa, koma timasemphana ndi mgwirizano wa laisensi ndipo kawirikawiri timasiya kugwira ntchito Windows ikangosinthidwa.

Kulowa osasokoneza mwini malo

Pa Linux vutoli silikhalapo kwenikweni, popeza idatengera chikhalidwe cha Unix. Munthu akhoza kulowa ndi SSH, yomwe Tatu Ylönen wa ku Finland adalemba mu 1995 ndipo imagwiritsa ntchito port 22, n'kumapereka malamulo polemba mawu pamene mnzake akupitiriza ntchito pa sikirini. Mapulogalamu monga Xvnc ndi xrdp amatsegulira wolowayo desiki ina yomwe siyioneka pa sikirini ya pamalopo. Awiriwa amagawanabe purosesa ndi memori, motero mmodzi akayamba ntchito yolemera, winayo amaona kompyuta ikuchedwa.

Chitetezo ndi chilolezo

Khomo lomwe limalowetsa wothandiza limathanso kulowetsa wakuba. Pa 23 December 2015, ogwira ntchito pa kampani ya magetsi ya Prykarpattyaoblenergo ku Ukraine adaona kamuvi ka mausi kakuyenda kokha n'kumazimitsa masiteshoni a magetsi. Chiwembuchi chidakhudza makampani atatu, ndipo anthu pafupifupi 230,000 adakhala mumdima kwa maola angapo. Mu May 2019 Microsoft idatulutsa chigamba chotseka BlueKeep, vuto la mu RDP lomwe linkalola munthu kulowa m'makompyuta a Windows akale popanda pasiwedi. Lidali loopsa moti ngakhale Windows XP, yomwe idali itasiya kusamalidwa, idalandira chigambacho. VNC yakale nayo inkangowerenga zilembo 8 zoyambirira za pasiwedi ndipo sinkabisa zomwe ikutumiza, n'chifukwa chake ambiri amaidutsitsa mu SSH kapena VPN.

Komabe chinyengo chofala kwambiri sichifuna luso lotere. Munthu amaimba foni n'kunama kuti ndi wa ku banki kapena wa kampani ya makompyuta, kenako amauza mwini kompyuta kuti aike pulogalamu yolowera kutali ndi kumuwerengera nambala yomwe yatuluka pa sikirini. Akatero, mwiniyo ndi amene watsegula khomo. Mapulogalamu ambiri ogawana sikirini amaonetsa chizindikiro choti wina walumikizidwa, ndipo wapamalopo akhoza kudula kulumikizanako podina batani kapena pochotsa intaneti.

Kulowa mu kompyuta ya wina popanda chilolezo ndi mlandu m'maiko ambiri. Ku Britain nkhaniyi ili mu Computer Misuse Act ya 1990, ndipo ku Malawi ili mu Electronic Transactions and Cyber Security Act ya 2016.