Net Yaroze

Net Yaroze ndi zida zimene kampani ya Sony Computer Entertainment inkagulitsa kwa anthu wamba ofuna kudzipangira okha magemu a PlayStation yoyamba. Zinayamba kugulitsidwa ku Japan mu June 1996, ndipo zinafika ku Ulaya ndi ku America mu 1997. Wogula ankalandira makina a PlayStation akuda, kebulo yowalumikizira ku kompyuta, mapulogalamu ndi mabuku a malangizo. Dzinali ndi la Chijapanizi, ndipo mawu akuti yaroze ndi oitanira anzako kuti tiyeni tichite. Ganizo lotulutsa zidazi limatchulidwa kuti linali la Ken Kutaragi, injiniya amene anatsogolera ntchito yopanga PlayStation.

Mbiri yake

Kuyambira kale, makampani opanga makina a magemu a m'nyumba sankalola aliyense kulemba gemu ya makina awo. Wofuna kutero ankayenera kukhala ndi kampani, kusainirana pangano ndi eni makina, kugula zida zodula kwambiri, ndiponso kulipira eni makinawo pa gemu iliyonse yogulitsidwa. Mwini kompyuta ya pakhomo monga ZX Spectrum, Commodore 64 kapena Amiga analibe chomuletsa chotere. Ku Britain m'zaka za m'ma 1980 achinyamata ambiri anaphunzira kulemba magemu ali m'zipinda zawo zogona, ena n'kumagulitsa pa makaseti. Makina a magemu atayamba kulanda malo a makompyutawa, njira yophunzirira imeneyi inayamba kutsekeka.

Ena anali atayesapo kale kupereka mpata kwa anthu wamba. Atari 2600 inali ndi katiriji yotchedwa BASIC Programming, imene analemba Warren Robinett, koma inkangolola timapulogalamu tating'ono zedi. Mu 1984 Nintendo, mogwirizana ndi Hudson Soft ndi Sharp, inatulutsa Family BASIC ya makina a Famicom, yokhala ndi kiyibodi yakeyake. Kampani ya NEC nayo inagulitsa PC-FXGA, khadi lolowetsa m'kompyuta lothandiza kupanga magemu a PC-FX. Zambiri mwa zimenezi sizinatuluke kunja kwa Japan.

PlayStation inatuluka ku Japan pa 3 December 1994, ndipo ku America ndi ku Ulaya mu September 1995. Inagulidwa kwambiri moti yonse pamodzi inapitirira makina 100 miliyoni. Sony inali mlendo pa malonda a magemu, choncho inkafuna anthu atsopano odziwa kulembera makina ake. Ku Japan inayambitsa mpikisano wosaka aluso wotchedwa Game Yaroze, umene anthu ambiri amausokoneza ndi Net Yaroze chifukwa cha kufanana kwa mayina. Gemu ya Devil Dice ya 1998 inachokera ku mpikisanowo.

Net Yaroze sinkapezeka m'masitolo. Munthu ankaitanitsa kwa Sony mwachindunji, n'kusaina pangano la umembala. Ku Japan inkagulidwa pa mayeni 120,000, ku America pa madola 750, ku Britain pa mapaundi 549. Poyerekeza, PlayStation wamba inayamba kugulitsidwa pa madola 299 ku America ndi mapaundi 299 ku Britain, ndipo pofika 1997 mtengowo unali utatsika kale. Wogula ankafunikanso kukhala ndi kompyuta, intaneti ndi luso la chilankhulo cha makompyuta cha C. Chifukwa cha zimenezi ogula sanachuluke, ndipo ambiri anali ophunzira a m'makoleji kapena anthu apantchito okonda za makompyuta.

Zimene zinali m'bokosi

Makinawo ankapangidwa m'mitundu itatu malinga ndi dera: DTL-H3000 ya ku Japan, DTL-H3001 ya ku America ndi DTL-H3002 ya ku Ulaya. M'kati mwake anali ofanana ndi PlayStation wamba, yokhala ndi purosesa ya MIPS R3000 yothamanga pafupifupi 33.9 MHz. Kusiyana kwake kunali kwakuti ankawerenga ma CD a magemu a dera lililonse, pomwe PlayStation wamba inkakana CD yochokera ku dera lina. Ma CD okopera pakhomo okha ndiwo ankawakana. Mtundu wakudawo unkawasiyanitsa ndi makina otuwa a m'masitolo komanso makina abuluu ndi obiriwira amene makampani ankayesera magemu awo.

Munalinso mapadi awiri akuda, CD yoyatsira makina, khadi lapadera lolowetsa m'malo a memory card limene linkagwira ntchito ya kiyi, CD ya mapulogalamu a pa kompyuta, ndi mabuku ofotokoza kagwiritsidwe ntchito kake. Pulogalamu ya CodeWarrior, ya kampani ya Metrowerks, inkagulidwa payokha, ndipo ndi imene ankadalira eni makompyuta a Macintosh.

Kagwiridwe ntchito kake

Munthu ankalemba gemu yake pa kompyuta m'chilankhulo cha C, n'kuisandutsa pulogalamu yomveka kwa PlayStation pogwiritsa ntchito compiler ya GNU. Zithunzi, zinthu za 3D ndi mawu ankazisintha kuti zikhale m'mafayilo a mtundu wa Sony. Akatero ankatumiza zonse kudzera m'kebulo ija, imene inkayenda pang'onopang'ono, ndipo gemu inkaonekera pa TV. Akazimitsa makina zonse zinkafufutika, mawa lake n'kutumizanso.

Vuto lalikulu linali malo. Popeza membala sankatha kuika gemu yake pa CD, gemu yonse inkayenera kukwana m'memore ya makinawo nthawi imodzi: 2 MB ya pulogalamu, 1 MB ya zithunzi ndi 512 KB ya mawu. Pa 2 MB ija, gawo lina linkatengedwa ndi mapulogalamu a Sony omwe, motero wolemba ankatsala ndi pafupifupi 1.5 MB. Makampani akuluakulu anali ndi CD yonse ya 650 MB yoikamo makanema ndi nyimbo. Nthawi zambiri gemu yopangidwa chonchi inkaseweredwa pa Net Yaroze inzake basi, ndipo mwini wake analibe njira yoigulitsira kwa eni PlayStation wamba popanda kudzera kwa Sony.

Mamembala ndi magemu awo

Sony inatsegulira mamembala malo awoawo pa intaneti, olowa ndi mawu achinsinsi, kumene ankafunsana mafunso, kugawana zimene alemba ndi kuika magemu awo. Japan, Ulaya ndi America aliyense anali ndi malo ake. Ku Ulaya n'kumene ntchito za mamembala zinaonekera kwambiri, chifukwa magazini ya Official UK PlayStation Magazine inkaika magemu a Net Yaroze pa CD yaulere imene inkabwera ndi magaziniyo. Izi zinachitika kuyambira 1997 mpaka 2004, pamene magaziniyo inasiya kutuluka. Pa CD imodzi pankakhala zidutswa zolawitsa magemu a makampani otchuka, ndipo pambali pake gemu yathunthu yolembedwa ndi munthu mmodzi madzulo ataweruka kuntchito. Ana ambiri opanda ndalama zogulira gemu yatsopano ankathera nthawi yawo pa timagemu timeneti, ena osadziwa n'komwe kuti Net Yaroze n'chiyani.

Kuchepa kwa malo kunachititsa kuti olemba aike nzeru zawo pa kaseweredwe. Terra Incognita, ya gulu la ku Japan lotchedwa Team Fatal, ndi gemu ya 3D ya mnyamata wofufuza chilumba, wonyamula mabokosi kuti akwere pamalo okwezeka ndi kumenyana ndi zilombo. Inkaoneka ngati ya m'sitolo, ndipo imakumbukiridwanso chifukwa cha Chingerezi chake chopotoka. Mmodzi wa olemba ake, Mitsuru Kamada, anadzagwira ntchito ku kampani ya Square.

Blitter Boy, ya Chris Chadwick, imamutuma wosewera kukapulumutsa makanda m'sitolo yaikulu yodzaza ndi mizukwa. Inapambana mpikisano wa Game Developer UK mu 1998, ndipo mwini wake anapeza ntchito m'kampani yopanga magemu. Timeslip, ya David Johnston ndi Mike Goatly, ili ndi nzeru yodabwitsa: wosewera ndi nkhono, ndipo pakapita kanthawi, nthawi imabwerera m'mbuyo, nkhono yakale n'kumabwereza zonse zimene wosewera anachita poyamba. Akakhudzana nayo, gemu yatha. Johnston anadzayambitsa Smudged Cat Games n'kutulutsanso Timeslip pa Xbox 360.

Panalinso Gravitation ya James Shaughnessy, mpikisano wa tindege tiwiri touluka m'mapanga uku mphamvu yokokera pansi ikutikoka. Psychon ya Ben James, yowomberana m'makonde amdima. Rocks 'n' Gems ya Gerhard Rittenhofer, yokumba miyala yamtengo wapatali mosamala kuti thanthwe lisakugwere. Haunted Maze ya Ed Federmeyer. Ndi Super Bub Contest ya Alex Herbert, imene anthu awiri ankatha kupikisana usiku wonse. Okonda mpira anali ndi Total Soccer Yaroze ya Charles Chapman, yoonetsa bwalo kuchokera pamwamba, osewera ali ting'onoting'ono koma othamanga. Chapman anadzakhala mmodzi wa oyambitsa First Touch Games ya ku Oxford, kampani imene inapanga Dream League Soccer, gemu imene anthu ambiri amasewera pa foni.

Masukulu nawo anazigwiritsa ntchito. Ku Britain, yunivesite ya Middlesex inkaphunzitsa kulemba magemu ndi Net Yaroze, chimodzimodzinso ya Abertay ku Dundee, imene mu 1997 inayambitsa digiri ya zopanga magemu.

Zimene zinatsatira

PlayStation 2 itatuluka mu 2000, Sony sinabwerezenso Net Yaroze. Ku Ulaya inaika chilankhulo cha Yabasic pa CD yobwera ndi makinawo, kenako inagulitsa zida za Linux za PlayStation 2, zimene zinafika kunja kwa Japan mu 2002. PlayStation 3 yoyamba inkalola mwini wake kuikamo Linux, koma Sony inachotsa mwayiwo mu 2010. Ku Japan kunalinso Game Basic ya Sega Saturn mu 1998 ndi WonderWitch ya kamakina ka m'manja ka WonderSwan mu 2000. Microsoft inatulutsa XNA Game Studio Express mu 2006, yolola anthu wamba kulemba magemu a Xbox 360 polipira madola 99 pachaka, ndipo kuyambira 2008 anayamba kuloledwa kuwagulitsa pa intaneti, chinthu chimene mamembala a Net Yaroze analibe. Msika wa pa intanetiwo unatsekedwa mu 2017.

Olemba mbiri ya magemu ena amaona Net Yaroze ngati imodzi mwa njira zimene zinakonzera malo opanga magemu odziimira paokha a masiku ano, ngakhale kuti mamembala ake anali ochepa.

Makina akudawa tsopano amasakidwa ndi osonkhanitsa zinthu zakale, ndipo okonda mbiri yake asunga magemu ambiri a mamembala pa intaneti. Gemu ya Magic Castle, imene kagulu ka ku Japan kanapanga ndi Net Yaroze cha mu 1998 koma osapeza kampani yoitulutsa, inamalizidwa ndi mmodzi wa eni ake n'kuperekedwa kwaulere kumapeto kwa 2020.