Corné Krige, Mwana wa ku Lusaka Amene Anatsogolera Springboks

Mpira wa m'manja

Kuno ku Minga timadziwa mpira wamiyendo. Ana amaumenya pabwalo la sukulu, akuluakulu amamvera za Chipolopolo pa wailesi. Koma kuli mpira wina wotchedwa rugby. Mpira wake ndi wooneka ngati dzira. Wosewera amaunyamula m'manja n'kuthamanga nawo, ndipo adani amaloledwa kumugwetsa.

Timu iliyonse imakhala ndi anthu 15. Mwa iwo, 8 ndi akutsogolo. Amenewa ndi amuna a matupi akuluakulu. Ntchito yawo ndi kukankhana ndi adani, kuwagwetsa ndi kuwalanda mpira. Amachita zimenezi kwa mphindi 80. M'dziko lathu la Zambia muli matimu a rugby, monga Red Arrows ya ku Lusaka ndi Diggers ya ku Kitwe.

Kubadwa kwake

Corné Krige anabadwira ku Lusaka pa 21 Malichi 1975. Sukulu anakaphunzira ku South Africa, m'tauni ya Paarl, kufupi ndi Cape Town. Kumeneko ndi kumene luso lake linaonekera.

Atakula analowa timu ya Western Province, kenaka ya Stormers. Anali wosewera wakutsogolo, wa m'mbali. Sanali wamkulu thupi kuposa anzake, koma sankaopa munthu. Pamene ena ankazengereza, iye ankadziponya pansi kukalimbirana mpira. Mu 2000 ndi mu 2001 Western Province inatenga chikho cha Currie Cup, kaputeni ali iyeyo.

Kusewerera dziko

Timu ya dziko la South Africa imatchedwa Springboks. Krige anaisewerera koyamba mu Juni 1999 ku Durban. Tsiku loyamba lomwelo anamupatsa ukaputeni, chinthu chimene sichichitika kawirikawiri. Anagonjetsa Italy 101 kwa 0.

Chimwemwe sichinakhalitse. Patangopita masabata ochepa anavulala bondo, ndipo sanapite nawo ku mpikisano wa dziko lonse wa chaka chimenecho. Atachira anabwereranso.

Ana awiri a chipatala chimodzi

Patapita zaka zochepa, kaputeni wa Australia anakhala George Gregan. Nayenso anabadwira ku Lusaka, mu 1973, m'chipatala chomwe anabadwiramo Krige. Mu 2002 ndi mu 2003 awiriwa ankakumana pabwalo, aliyense akutsogolera dziko lake. Tangoganizani, abale: maiko awiri otchuka pa rugby, atsogoleri awo onse obadwira kwathu kuno!

Tsiku loipa ku London

Pa 23 Novembala 2002 Springboks inakumana ndi England pabwalo la Twickenham. Masewera asanafike pakati, Jannes Labuschagne wa South Africa anaonetsedwa khadi lofiira chifukwa chogunda Jonny Wilkinson wa England atamenya kale mpira. Anatsala anthu 14.

Zigoli zitayamba kuchuluka, Krige anapsa mtima. Anayamba kugunda adani ndi zibakera, zigongono ndi mawondo. Chibakera china chinaphonya mdani n'kugwera mnzake wa timu imodzi, André Pretorius. England inapambana 53 kwa 3. Kufikira tsiku limenelo, Springboks inali isanagonjepo moipa chotero.

Anthu ambiri anaona zonsezi pa kanema. Apa Krige analakwa kwambiri. Anyamata ake ankayang'ana kwa iye, ndipo iye ndi amene anayenera kuwakhazika mtima pansi. Koma sanabise. M'buku la moyo wake, limene linatuluka mu 2005, anavomera kuti tsiku limenelo analephera kudzigwira.

Chaka cha 2003

Mpikisano wa dziko lonse wa 2003 unachitikira ku Australia. Asananyamuke, osewera anatengedwa kupita kumsasa wa kuthengo wotchedwa Kamp Staaldraad. Mphunzitsi wa timu anali Rudolf Straeuli. Kumeneko anawavula zovala, kuwalowetsa m'madzi ozizira ndi kuwakwawitsa pansi. Ankati akuwalimbitsa mtima. Uku kunali kunyoza anthu akuluakulu, ena a iwo a pabanja.

Sizinathandize. England inawagonjetsa 25 kwa 6 ku Perth. New Zealand inawatulutsa mumpikisano ku Melbourne, 29 kwa 9. Zithunzi za kumsasa zitatuluka, anthu a ku South Africa anakwiya, ndipo Straeuli anatula pansi udindo. Gregan anafika ndi Australia mpaka mundime yomaliza, koma chikho chinapita ku England.

Kumaliza ku England

Kumayambiriro kwa 2004 Krige anasiya kusewerera dziko. Anali ataisewerera Springboks masewera 39, ndipo pa masewera 18 anali kaputeni.

Chaka chomwecho anapita ku England, dziko la anthu amene anamenyana nawo aja. Analowa timu ya Northampton Saints. Rugby inali itasanduka ntchito yolipidwa kuyambira mu 1995, choncho kumeneko anapita kukagwira ntchito. Anakhalako nyengo imodzi yokha. Mu 2005 anasiyiratu kusewera, ali ndi zaka 30.