Mbiri ya Mneni wa Chingerezi "Take Off" ndi Kamasuliridwe Kake

Omasulira nkhani kuchokera m'Chingerezi amavutika kawirikawiri ndi aneni amene amayenda ndi kaliwu kena pambuyo pawo. Aneni oterewa Angerezi amawatcha phrasal verbs, dzina limene Logan Pearsall Smith analilemba m'buku lake la Words and Idioms m'chaka cha 1925, nanena kuti analimva kwa Henry Bradley, mmodzi mwa akonzi a Oxford English Dictionary. Pano tiona mmodzi mwa aneniwa, take off, ndi mmene matanthauzo ake anachulukira.

Liwu loti take silinali la Angerezi pachiyambi. Chingerezi chakale chinali ndi mneni niman, wotanthauza kutenga. Anthu a ku Scandinavia atakhazikika kumpoto ndi kummawa kwa England m'zaka za m'ma 800, anadza ndi mneni wawo taka, amene pang'onopang'ono analanda malo a niman. Nalo liwu loti off poyamba linali limodzi ndi of, kungoti linkatchulidwa motsindika, ndipo kalembedwe ka mawu awiriwa sikanalekanitsidwe kotheratu kufikira zaka za m'ma 1600.

Tanthauzo loyamba la take off ndi kuchotsa chinthu pamene chinali. Apa tizindikire kuti ntchito imene off akugwira, m'Chichewa nthawi zambiri imagwiridwa ndi mphatikiri -ul-, amene amatembenuza zimene mneni akunena: kuvala ndi kuvula, kumata ndi kumatula, kuvundikira ndi kuvundukula. Choncho pamene Mngerezi agwiritsa ntchito mneni mmodzi yemweyo pa malaya, pa chivundikiro ndi pa mphika wa pamoto, ife timavula malaya, timavundukula chivundikiro ndipo timaphula mphika. Womasulira amene alemba "kuchotsa" pa zonsezi sananame, koma wasaukitsa chiyankhulo. Mayi wa kumudzi sachotsa ndiwo pamoto, amaphula.

Pofika m'chaka cha 1755 mneniyu anali atapeza kale tanthauzo lina. M'mawu oyamba a mtanthauziramawu wake, Samuel Johnson anaona kuti aneni a mtundu uwu ndi amene amasokoneza kwambiri alendo ophunzira Chingerezi, chifukwa tanthauzo lawo silipezeka pophatikiza matanthauzo a mawu awiriwo. Mwa zitsanzo zake anaikapo take off, nautanthauzira kuti ndi kukopera. Lero tanthauzo limeneli limamveka makamaka ponena za munthu wotsanzira mayankhulidwe kapena mayendedwe a mnzake kuti anthu aseke. Taonani kuti pa mndandanda wa Johnson panalibe za ndege, ngakhale ophunzira ambiri lero amayesa kuti ndilo tanthauzo lenileni la mneniyu.

Tanthauzo la ndege linadzera m'masewera. M'zaka za m'ma 1800 Angerezi ankanena take off za munthu kapena kavalo pamene akusiya nthaka polumpha. Wilbur ndi Orville Wright ataulutsa ndege yawo pafupi ndi Kitty Hawk pa 17 Disembala 1903, ntchito yatsopano ya zouluka sinapange mneni wakewake. Inangobwereka wa olumpha uja. Chichewa chinachitanso chimodzimodzi pobwereka mneni wa apaulendo: timati ndege yanyamuka, ndipo ikafika timati yatera, monga itera mbalame. Apa panalibe chifukwa chobwereka liwu lachilendo.

Vuto lenileni linadza ndi akatswiri a zachuma. M'chaka cha 1960 W. W. Rostow anafalitsa buku lotchedwa The Stages of Economic Growth, mmene anagawa kukula kwa chuma cha dziko m'magawo 5. Gawo lachitatu analitcha take-off, pofanizira chuma ndi ndege imene yathamanga mokwanira ndipo yayamba kukwera. Bukuli linatuluka pamene mayiko ambiri a mu Africa anali kulandira ufulu wodzilamulira, motero liwuli linalowa m'nkhani za chitukuko. Lero Angerezi amalinenanso za malonda kapena nyimbo imene yatchuka msanga.

Womasulira wosasamala angaganize kuti popeza ndege imanyamuka, nacho chuma chinyamuke. Koma kwa ife kunyamuka ndi kuchoka, ndipo mlimi womva pa wailesi kuti "chuma cha dziko chanyamuka" akhoza kufunsa kuti chalowera kuti. Fanizo la Rostow silinawoloke bwino. Nkoyenera kulisiya ndi kunena kuti chuma chayamba kukula mofulumira, kapena kuti malonda ayamba kuyenda bwino.

Tikupempha okonza mabuku otanthauzira mawu a ziyankhulo ziwirizi kuti take off akhale ndi malo akeake, osabisidwa pansi pa take, ndipo tanthauzo lililonse likhale ndi chiganizo chachitsanzo. Asaiwale matanthauzo awiri a tsiku ndi tsiku: wogulitsa akachita take off pa mtengo ndiye kuti watsitsako, pamene wantchito amene wachita take a day off wapuma pa ntchito tsiku limodzi.